Kodi nyimbo za m'ma 1960 zikupita kuti pa mawailesi a zamgonagona?

Chimbale45
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi kadandaulo, mwina odziwa za mawailesi mundimasule. Pali wailesi ina ya nyimbo zamgonagona yomwe ndakhala ndikuitchera pa intaneti kwa zaka zoposa khumi, dzina ndisatchule. Nditangoyamba kuimvera, ola silinkatha osamvako ya m'ma 1950, ndipo za m'ma 1960 ndiye zinali eni nyumba. Kenaka za m'ma 1950 zija zinangozimirira, popanda ndi wolengeza yemwe. Sabata yatha ndinakhala pansi ndi cholembera n'kumawerenga: pa maola atatu, za m'ma 1960 zinalira zinayi zokha. Dzulo ndiye andiikira ya 1997, imene mwana wanga woyamba ankavina ali ku sekondale, ati nayonso ndi yakale. Yakale kwa yani? Kodi osankha nyimbowa ndi ana, kapena pali china chimene sindikuchidziwa?

Kamwana2001
Pepani madala, koma 1997 ine ndinali ndisanabadwe kkkk. Kwa ine imeneyo ndi yamakedzana ndithu.

Chimbale45
Iwe mwana iwe, khala kaye chete akulu alankhule.

Wapamaikolofoni
Kkkk musamukalipire bambo, wayankha kale theka la funso lanu mosadziwa. Ine ndinagwirako ntchito yosanja nyimbo pa wailesi ya malonda, ndiye ndinene zimene ndinaziona. Wailesi yotere katundu wake si nyimbo. Katundu wake ndi makutu a anthu, ndipo wogula ndi wotsatsa malonda. Ku America, komwe mtundu uwu wa mawailesi a nyimbo zakale, wotchedwa oldies, unayambira, makampani akuluakulu otsatsa malonda amafuna kwambiri anthu a zaka 25 mpaka 54. Mukangokwanitsa 55, mukhoza kumvera kuyambira m'mawa mpaka usiku, koma pa pepala limene wogulitsa nthawi ya wailesi amapita nalo kwa makasitomala simuonekanso.

Tsopano werengani nokha. Munthu amagwirira mumtima nyimbo zimene anamva ali mnyamata kapena mtsikana, kuyambira zaka za ku sekondale kufika cha m'ma 20. Amene anali ndi zaka 15 mu 1957, nthawi ya Elvis Presley, anabadwa mu 1942 ndipo anakwanitsa 55 mu 1997. Amene anali ndi zaka 15 pomwe The Beatles ankafika ku America mu 1964 anatuluka m'gululo mu 2004. Ndiye simungadabwe kuti za m'ma 1950 zinayamba kuchotsedwa kumapeto kwa m'ma 1990, za m'ma 1960 n'kutsatira. Wailesi sinakusiyeni chifukwa chodana nanu ayi. Iyo imakhala pamalo amodzimodzi, pa munthu wa zaka za m'ma 40, ndinu amene mwadutsapo.

Nachisale
Achimwene, mwafotokoza bwino koma nzeru ya otsatsa malondayo ine siindimvekera. Amene ali ndi ndalama ndi ndani, wa zaka 28 amene akulimbana ndi lendi kapena wa zaka 62 amene ana anakula ndipo nyumba anamaliza? Ndiye aziti ife sitiwerengedwa?

Wapamaikolofoni
Achemwali, funso limenelo anthu a m'mawailesi enieniwo akhala akulifunsa kwa zaka zambiri. Yankho la otsatsa malonda ndi lakuti wamkulu anasankha kale sopo wake, banki yake ndi mtundu wa galimoto yake, ndiye kumukopa kuti asinthe n'kodula. Wachinyamata akadali wogwedezeka, ukamugwira lero wamugwira kwa zaka 30. Kaya n'zoona kaya ayi, ndalama zimayenda motsatira chikhulupiriro chimenecho. Mudzamve malonda amene amatsala pa wailesi ya omvera okalamba: mankhwala a mafupa, zothandizira kumva, inshuwalansi ya maliro. Amenewo salipira ngati makampani a mafoni.

Nachisale
Inshuwalansi ya maliro ndiye mwandilasa, ndimaimva kasanu pa ola.

Mlonda wa Usiku
Ndiloleni ndiponyepo nkhani ya WCBS-FM ya ku New York, chifukwa zonse mukukambazi zinachitikira pamenepo poyera. Wailesi imeneyi, pa 101.1, inayamba kuimba oldies mu 1972, chaka chomwecho ndi KRTH ya ku Los Angeles. Inakhala zaka 33 ikuchita zomwezo, ili ndi aulutsi amene anthu anakula nawo, monga Bruce Morrow amene aliyense amamudziwa kuti Cousin Brucie. Tsiku lina Lachisanu, pa 3 June 2005, chakudza sichiimba ng'oma, madzulo anthu akuweruka kuntchito anangomva wailesi yasanduka Jack FM. Aulutsi onse panja, nyimbo zosakanizasakaniza za m'ma 1970, 1980 ndi 1990, pakati pake mawu ojambuliratu onyada kuti timaimba zimene tafuna. Tsiku lomwelo eni ake anachitanso chimodzimodzi ku WJMK ya ku Chicago.

Anthu a ku New York anakwiya koopsa, omvera anathawa, ndalama nazo zinatsika. Pa 12 July 2007 kampaniyo inagonja n'kubwezeretsa dzina lakale ndi ena mwa aulutsi aja. Anthu anasangalala ngati mwana wotayika wabwerera. Koma chimene ambiri sanachione msanga n'chakuti wobwererayo sanali yemwe uja. Tsopano ankalengeza kuti ndi nyimbo za m'ma 60, 70 ndi 80. Za m'ma 1950 zinangotsala apo ndi apo pa mapulogalamu apadera. Lero mukaitchera, msana wake ndi m'ma 1980, za m'ma 1990 zalowa, ndipo za m'ma 1960 muzifunafuna ndi nyali.

Chimbale45
Ndiye kuti anthu anapambana mlandu koma munda unapitabe.

Mlonda wa Usiku
Eya bambo. Ndipo ine ndimati njira yachiwiriyi ndi imene mawailesi onse anaphunzirapo. Kusintha kwa tsiku limodzi kumautsa mavu. Kuchotsa nyimbo khumi mwezi uno, kulowetsa khumi zina mwezi wamawa, palibe amene amalemba kalata yodandaula. Inu nomwe mwatenga zaka kuti mugwire cholembera.

AkuluAkale
Chimene chikundiseketsa n'chakuti a Chimbale45 akudandaula za nyimbo ya 1997. Tawerengani, mu 1972 pomwe mawailesi aja ankayamba, nyimbo zawo zinali za pakati pa 1955 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960. Yakale kwambiri inali ndi zaka 17, ina zaka 10 zokha! Tikatsata muyeso umenewo, wailesi ya zamgonagona lero ikanayenera kumaimba za m'ma 2010. Ya 1997 ija ndi gogo poyerekeza ndi zimene ankazitcha zakale nthawi imeneyo. Kunena zoona mawailesi amenewa akuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kalendala.

Kamwana2001
Imani kaye. Mukuti nyimbo zimene ndinkavina ku pulayimale ndi zamgonagona?

AkuluAkale
Takulandira mdzukulu, mpando ulipo.

Kamwana2001
Ayi ine ndakana kkkk.

AkuluAkale
Kana lero, udzabwera wekha. Ndipo a Chimbale45 musaiwale kuti nanunso munalanda malo a ena. Makolo a m'badwo wanu anali ndi nyimbo zawo za magulu akuluakulu a malipenga za m'ma 1930 ndi 1940. Nawonso anali ndi mawailesi awo, ngati mtundu uja wa Music of Your Life umene unayamba mu 1978. Unafalikira pa AM, kenaka omvera ake atakalamba unafota. Amene ankadandaula nthawi imeneyo kuti rock and roll ndi phokoso la ana, munkawamvera chisoni?

Chimbale45
Sitinkawamvera, ndivomere. Koma lathu linali phokoso lokoma.

Mayi a Mapasa
Ine vuto langa si zaka za nyimbo koma kubwerezabwereza. M'ma 1980 munatuluka nyimbo zikwizikwi, koma wailesi imangozungulira pa zomwezomwezo. Woimba anatulutsa zimbale zisanu ndi zitatu, iwo amangodziwa nyimbo zake ziwiri. Nyimbo imodzi sachezera gule, nanga iwowa sadziwa?

Wapamaikolofoni
Mayi, apa ndiye mwafika pa khitchini penipeni. Mawailesi ambiri a mtundu umenewu amazungulira pa nyimbo 300 kapena 400 basi, ndipo si ulesi. Amachita kafukufuku. Kale ankasonkhanitsa anthu pafupifupi 100 a msinkhu umene akuufuna m'holo, masiku ano zambiri zimachitikira pa intaneti. Amawaimbira kachidutswa ka nyimbo, masekondi osakwana 10, pamalo paja aliyense amayimba nawo. Munthu amayankha zitatu: ndikuidziwa kapena ayi, ndimaikonda motani, yandikwana kapena isanandikwane. Nyimbo mazanamazana usiku umodzi. Yopeza malikisi ochepa imapita kukapuma, yokhoza imalowa mu kompyuta, ndipo pulogalamu ngati Selector ndi imene imasanja kuti iyi ilire 9 koloko lero, mawa 2 koloko, oimba awiri ofanana asatsatane, yodekha isatsatane ndi yodekha inzake.

Taonani tsono pamene pali msampha. M'holo muja saitanamo wa zaka 65. Amaitana a 35 mpaka 54. Chaka chilichonse anthu a msinkhu umenewo amakhala obadwa mochedwerapo, ndiye nyimbo ya 1966 imene inkakhoza bwino zaka khumi zapitazo lero theka la holo likuti sitikuidziwa. Palibe bwana amene amadzuka n'kunena kuti tichotse za m'ma 1960. Zimagwa zokha pamayeso, imodziimodzi.

Mayi a Mapasa
Koma ndiye ngati saimba nyimbo, anthu aidziwa bwanji? Akuigwetsa okha kenaka n'kumati yagwa.

Wapamaikolofoni
Mwalasa. Ine ndinkakangana ndi bwana wanga pa mfundo yomweyo mpaka anandiuza kuti ndikatsegule wailesi yangayanga. Iye ankati munthu ali m'galimoto akamva nyimbo yachilendo chala chimathamangira pa batani, akamva yodziwika, ngakhale yomukwana, amaisiya ithe. Ndipo zinanyanya kuyambira 2007, pomwe kampani ya Arbitron inayamba kuwerenga omvera ndi kamakina konyamula pathupi kotchedwa PPM m'mizinda ngati Philadelphia ndi Houston. Kale anthu ankalemba m'kabuku zimene akukumbukira kuti anamvera sabata imeneyo. Kamakinaka sikadalira kukumbukira, kamamva kokha wailesi iliyonse imene ikulira pafupi, miniti ndi miniti. Mabwana anayamba kuona ndi maso kuti pa nyimbo yakutiyakuti anthu anathawa, pomwe muulutsi analankhula nthawi yaitali anathawanso. Nielsen inagula Arbitron mu 2013 koma kawerengedwe ndi komweko.

Chodabwitsa n'chakuti kamakina komweko kanapindulitsa mawailesi a nyimbo zakale, chifukwa ndi amene amalira m'masitolo, m'magalaja ndi m'maofesi, malo amene pamafunika nyimbo zosakhumudwitsa aliyense. WCBS-FM itabwerera inakwera mpaka kufika pamwamba penipeni ku New York.

Bwana Sitiriyo
Ine ndikuona kuti mukuwanamizira otsatsa malonda. Nyimbo za m'ma 1950 zinachoka chifukwa sizimveka bwino, basi. Zambiri zinajambulidwa mu mono, mawu onse panjira imodzi osati ziwiri ngati sitiriyo, zina ndi za mphindi ziwiri zokha. Ukaika pambali pa ya 1985 yokhala ndi ng'oma zamakina, imamveka ngati ikuchokera m'chitini. Tisamakometse zinthu chifukwa choti ndi zathu.

Chimbale45
M'chitini? Achimwene, anthu aja ankalowa mu situdiyo gulu lonse n'kuimba kamodzi, popanda kompyuta yowawongolera mawu. Inu mukutamanda makina.

Bwana Sitiriyo
Sindikunyoza luso, ndikunena za khutu la munthu wa lero.

Chimbale45
Khutu la lero ndi limene ladwala.

Woyang'anira Gulu
Akuluakulu, tiyeni tikangane ndi mfundo, makutu a anthu tiwasiye.

Mlonda wa Usiku
A Bwana Sitiriyo ali ndi kachoonadi pang'ono, kusanja nyimbo ya 1958 ndi ya 1988 motsatana n'kovutadi. Koma mfundo yawo imagwa ikafika November. Mawailesi ambiri ku America amasiya zonse n'kuyamba nyimbo za Khirisimasi zokhazokha, ndipo zochuluka mwa zimenezo ndi za m'ma 1940, 1950 ndi 1960, mono yemweyo. Omvera amachuluka, achinyamata omwe. M'mwezi umenewo palibe amene amati zikumveka m'chitini. Ndiye nkhani ndi kudziwika kwa nyimbo, osati kajambulidwe.

Kamwana2001
Komanso ife timazikonda zakale tikazipeza. Nyimbo ya Kate Bush ya 1985 inafika pa nambala 1 ku UK mu 2022 chifukwa cha sewero la pa Netflix. Anzanga onse ankaiimba ngati yatuluka dzulo. Pa TikTok zoterezi zimachitika kawirikawiri.

Nachisale
Ndiye wailesi ikanakhala yolimba mtima ikanatha kuphunzitsa ana ngati amenewa, m'malo modikira Netflix.

Wapamaikolofoni
Kulimba mtima kumafuna mwini wake wa wailesi amene amakhala m'tauni momwemo. Mu 1996 America inasintha lamulo, n'kuchotsa malire a chiwerengero cha mawailesi amene kampani imodzi ingakhale nawo m'dziko lonse, ndipo m'mizinda ikuluikulu inaloledwa kukhala ndi asanu ndi atatu. Pasanathe zaka zambiri Clear Channel, imene lero ndi iHeartMedia, inali ndi mawailesi pafupifupi 1,200. Mndandanda wa nyimbo unayamba kuchokera ku likulu. Muulutsi mmodzi amajambuliratu mawu a mawailesi angapo ali mumzinda wina, kompyuta n'kumalumikiza. Kale mzinda uliwonse unali ndi nyimbo zake zimene zinaphulika kumeneko kokha, ndipo wailesi ya zamgonagona ya kumeneko inkazidziwa. Zimenezo ndi zimene zinayamba kufa, ngakhale zaka za nyimbo zisanasunthe.

Ngakhale dzina lenilenilo analithawa. Mawu oti oldies ogulitsa malonda ankati akununkha ukalamba, ndiye pafupifupi onse anasintha n'kumadzitcha classic hits. Jack FM ija, imene inayambira ku Vancouver mu 2002, amaitcha adult hits. Mayina atsopano, cholinga chimodzi: wa zaka 40 asachite manyazi kunena kuti ndimamvera imeneyo.

Mlendo wa ku Leeds
Ku UK njira inali ina koma mathero ofanana. Cha m'ma 1988 mawailesi a malonda anakakamizidwa kusiya kuulutsa zinthu zofanana pa AM ndi pa FM, ndiye ambiri anaika zatsopano pa FM n'kutaya zakale pa AM. Capital Gold ya ku London inabadwa choncho. BBC Radio 2, ngakhale siidalira malonda, nayonso yakhala ikusunthira ku nyimbo za m'ma 1980, 1990 ndi kupitirira, ndipo akuluakulu akhala akung'ung'udza. Muulutsi Ken Bruce atachokako mu 2023 n'kupita ku Greatest Hits Radio, omvera ambiri anamutsatira. Koma kumeneko nakonso amalengeza za m'ma 70, 80 ndi 90. Amene anatola otsalawo ndi Boom Radio, imene inayamba mu February 2021 n'cholinga chenicheni chotumikira obadwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Aulutsi ake ambiri ndi madala opuma amene amaulutsa ali kunyumba kwawo, ndiye ndalama zoyendetsera n'zochepa. A Nachisale, mfundo yanu ija alipo amene anaikhulupirira.

Nachisale
Mwaona? Ndimadziwa kuti sindinapenge.

Wapamaikolofoni
Simunapenge, koma onani pamene zimathera: pa wailesi ya digito ya DAB, pa intaneti, pa AM, pa tinjira tam'mbali ta HD Radio, wailesi ya digito ya ku America. Nthawi ya Jack FM ija, oldies za WCBS-FM anazikankhira pa kanjira kotere kotchedwa HD2, pamene anthu ochepa okha anali ndi mawailesi otha kugwira. Ngakhale SiriusXM, wailesi ya pa setilaiti imene anthu amalipira mwezi ndi mwezi, mu 2021 inachotsa za m'ma 50 ndi 60 pa manambala 5 ndi 6 n'kuzipititsa kutali pa manambala opitirira 70. Nyimbo sizifa, zimangosamutsidwa kuchoka pabwalo kupita kuseri kwa nyumba.

Mayi a Mapasa
Nanga ya ku Chicago ija inatha bwanji? Nayonso inabwerera?

Mlonda wa Usiku
Inayesa. Mu 2011 inasiya Jack FM n'kubwerera ku classic hits, koma mu 2017 malo omwewo a 104.3 anasanduka a hip hop ndi R&B yakale, ya m'ma 1990 ndi 2000. Mtundu umenewo unali utayamba kale kutchuka, makamaka wailesi ina ya ku Houston itauyesa mu 2014 n'kukwera msangamsanga. Ndi oldies yomweyo, yangovala kapusi. Amene ankasokosera makolo awo ndi rap mu 1995 lero ali ndi zaka za m'ma 40, ndiwo amene otsatsa malonda akuwasaka.

Bwana Sitiriyo
Apo ndiye mukunena ine. Ndikaitchera imeneyo.

AkuluAkale
Sangalalani achimwene, mwatsala ndi zaka khumi zokha kuti nanunso mugule cholembera.

Kamwana2001
Koma funso langa, kodi zimenezi zidzapitirira? Ife a msinkhu wanga sitinakule ndi wailesi imodzi. Aliyense ali ndi mndandanda wake pa foni, wina amapiano, wina K-pop, wina drill. Tikadzafika 45, m'holo muja adzatiimbira chiyani chimene tonse tidzati tikuchidziwa?

Wapamaikolofoni
Mwana uyu mumamuthamangitsa koma wafunsa funso limene likusowetsa tulo mabwana. N'chifukwa chake m'ma 1980 mwakakamira pa mawailesi amenewa nthawi yaitali kuposa momwe masamu aja akanalolera. Inali nthawi imene MTV, kanema wa nyimbo amene anayamba mu 1981, pamodzi ndi mawailesi a Top 40 ankadyetsa aliyense nyimbo zofanana. M'ma 1990 anthu anagawikana, awa grunge, awa rap, awa country, ndiye kupeza nyimbo ya 1994 imene holo yonse ingaikonde n'kovuta. Amasankha mosamala kwambiri, imodziimodzi. Za m'ma 1980 zimakhoza ngakhale kwa ana amene anabadwa zitatha. Ine ndikuganiza kuti zidzakhalitsa kuposa momwe za m'ma 1960 zinakhalira, ndipo a Bwana Sitiriyo adzadandaula mochedwerapo.

Chimbale45
Chabwino, ndamva, ngakhale mtima sunavomere. Ndiye kuti kalata imene ndinalemba yopita ku wailesi ija ndingoing'amba. A Mlonda, munatchula Cousin Brucie, anathera kuti mkulu ameneyu?

Mlonda wa Usiku
Atachotsedwa mu 2005 anapita ku Sirius, imene lero ndi SiriusXM ija, anakhalako zaka 15. Mu 2020 anabwerera ku WABC, pa AM, wailesi yomwe anatchukirapo m'ma 1960, imene inasiya nyimbo mu 1982 n'kukhala ya zokambirana. Anamupatsa Loweruka madzulo, nthawi ya ku New York, kuti aziimba zomwe mukuzifunazo. Pa intaneti imapezeka.

Chimbale45
Madzulo a ku New York ndiye kuti ine ndidzuke pakati pa usiku. Palibe kanthu, tulo tinachepa kale. Iwe Kamwana, undionetse momwe amaikira alamu pa foni iyi.

Kamwana2001
Tumizani chithunzi cha sikirini madala, ndikulozereni pokanikiza.